Kachitseko ka mumtima kakalephera: matenda a mavavu, opaleshoni ndi zimene Shariya ikunena

Pamaliro ambiri a achinyamata m'midzi yathu ya m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Nkhotakota, pamamveka mawu ofanana: malemu anali bwinobwino, anangoyamba kubanika usiku, pofika mbandakucha n'kuti manja ndi mapazi zitazizira. Ena amati inali mphumu, ena amati chibayo, ndipo ena, Allah atikhululukire, amayamba kuloza zala achibale. Ife Asilamu timavomereza kuti nthawi ya munthu aliyense ili m'manja mwa Allah. Komabe kuvomereza chikhonzero sikutiletsa kufunsa chimene chinachitika m'thupi la m'bale wathu, pakuti yankho lake likhoza kupulumutsa mng'ono wake amene watsala.

Chimodzi mwa zinthu zimene zimapha mwanjira imeneyi ndi kulephera kwa mavavu a mtima, tizitseko tating'ono timene timawongolera kayendedwe ka magazi. Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma, koma matenda amenewa ng'oma amayimba ndithu, kawirikawiri kwa zaka zambiri, ife osaitchera khutu. Ndipo ikafika nthawi yoti dokotala atchule za opaleshoni, mabanja ena amazengereza poopa kuti mwina chipembedzo sichilola kung'amba chifuwa, kulandira magazi a munthu wina kapena kuikidwa kachiwalo kochokera ku nyama. Masiku amene amatayika pa kuzengereza kumeneku ndi amene wodwala amawasowa pambuyo pake.

Mmene Allah anaupangira mtima

Mtima wa munthu ndi mnofu waukulu ngati nkhonya ya mwini wake, ndipo uli ndi zipinda zinayi, ziwiri kumanja ndi ziwiri kumanzere. Mbali ya kumanja imalandira magazi amene azungulira thupi n'kuwatumiza ku mapapo kuti akatenge mpweya wabwino. Mbali ya kumanzere imalandira magazi ochokera ku mapapowo n'kuwakankhira ku ubongo, ku impso ndi ku ziwalo zina zonse. Pa tsiku limodzi mtima umagunda pafupifupi ka 100,000, ndipo munthu wamkulu akangokhala phee umapopa malita pafupifupi 5 pa mphindi iliyonse.

Woyamba kulongosola molondola ulendo wa magazi wochoka kumanja kwa mtima, kudzera m'mapapo, kukafika kumanzere anali Msilamu, Ibn al-Nafis, amene anaphunzira ku Damascus, nagwira ntchito ku Cairo, namwalira m'chaka cha 1288. Madokotala akale ankakhulupirira kuti magazi amadutsa m'tizibowo tosaoneka ta pakhoma la pakati pa mtima, koma iye anatsutsa zimenezo. Chotisangalatsa ife a kunyanja kuno n'chakuti bambo ameneyu analinso katswiri wa fiqh ya Imam Shafi'i, imene ambiri a ife timatsatira. Maphunziro a thupi ndi maphunziro a Shariya ankakhala pamodzi m'mutu mwake popanda kulimbana.

Potulukira pa chipinda chilichonse cha mtima pali vavu. Kumanzere kuli mavavu awiri otchedwa mitral ndi aortic, kumanja kuli tricuspid ndi pulmonary. Aliyense amene anaonererako amisiri akukonza mjigo amadziwa kuti pansi pa mapaipi pamakhala kachipangizo kolola madzi kukwera koma osabwerera. Kakatha, mayi amapopa mpaka kutuluka thukuta, madzi n'kumangobwera pang'onopang'ono chifukwa ambiri akuthawira pansi. Vavu ya mtima imagwira ntchito yomweyo. Ya mitral ili ndi tizitseko tiwiri tofewa togwiridwa ndi tizingwe, ngati mmene zingwe zimagwirira thanga la ngalawa kuti mphepo isalitembenuze.

Vavu imawonongeka m'njira ziwiri. Ikhoza kulephera kutseka, magazi n'kumachucha kubwerera kumene achokera. Ikhozanso kuuma ndi kuthina, kotero kuti khomo limene mwachibadwa limalola zala ziwiri limatsala longokwana nsonga ya chala chimodzi.

Ulendo umayambira pakhosi pa mwana

M'mayiko olemera mavavu amawonongeka makamaka ndi ukalamba. Kwathu kuno amawonongeka kwambiri ndi matenda amene amayamba munthu ali mwana wa zaka za pakati pa 5 ndi 15. Chiyambi chake ndi zilonda zapakhosi zobwera ndi bakiteriya wotchedwa Group A streptococcus, amene amafala mosavuta pamene ana amagona kapena kuphunzira mothithikana. Mwana amatentha thupi, amamva kuwawa pomeza, amatupa timitsempha ta m'khosi, ndipo nthawi zambiri sakhala ndi chifuwa kapena chimfine. Pakapita masiku ochepa pakhosi pamapola pokha, makolo n'kuiwala.

Kwa ana ena nkhani siithera pomwepo. Asilikali a m'thupi, polimbana ndi bakiteriya uja, amasokonezeka n'kuyamba kumenya thupi la mwini wake. Pakadutsa milungu iwiri kapena itatu mwana amatenthanso thupi, mfundo za mafupa n'kumatupa ndi kuwawa, lero bondo, mawa chigongono, mkuja akakolo. Awa ndi matenda amene madokotala amawatcha rheumatic fever. Ana ena amayamba kugwedeza manja ndi nkhope mosafuna, kugwetsa zinthu ndi kulemba zokhotakhota. Aphunzitsi a madrasa aonetsetse chizindikiro chimenechi. Mwana wotere asamenyedwe kuti akuchita chibwana, ndipo asangotengedwa ngati wagwidwa ndi majini. Kumuwerengera dua n'kwabwino, koma afikenso kuchipatala sabata yomweyo.

Mfundo za mafupa zimachira, koma mavavu amatsala ndi zipsera. Matendawa akabwereranso kachiwiri ndi kachitatu zipsera zimawonjezeka, mpaka vavu, makamaka ya mitral, imayamba kuchucha kapena kuthina. Padziko lonse anthu oposa 40 miliyoni ali ndi matenda a mtima oyamba mwanjira imeneyi, ndipo pafupifupi 300,000 amamwalira nawo chaka chilichonse. M'chaka cha 2018 msonkhano waukulu wa bungwe la WHO unagwirizana kuti mayiko alimbane nawo mwapadera. Kafukufuku amene anafalitsidwa m'chaka cha 2016, atayeza ana 1,450 m'boma la Lilongwe ndi makina ounikira mtima, anapeza kuti ana oposa 3 mwa 100 alionse anali ndi zizindikiro za matendawa asanayambe kudzimva kudwala.

Mankhwala otchinga njira yonseyi ndi otsika mtengo: penisilini, jakisoni mmodzi kapena mapiritsi a masiku 10, pamene mwana ali ndi zilonda zapakhosi zoterezi. Mwana amene wadwalapo kale rheumatic fever amafunika jakisoni wa benzathine penicillin pa milungu itatu kapena inayi iliyonse, kwa zaka zambiri, ena moyo wawo wonse. Jakisoniyu sachotsa zipsera zimene zilipo kale, koma amaletsa kuti zatsopano zisabwere.

Pamene mtima wagonja

Vavu ikamachucha pang'onopang'ono, mtima umakula ndi kudzikakamiza, ndipo munthu akhoza kukhala zaka akupalasa bwato ndi kulima. Zizindikiro zimabwera mozemba: kupuma movutika pokwera mtunda, kulephera kugona chagada popanda mitsamiro iwiri, kudzidzimuka usiku chifukwa chobanika, kutupa miyendo, mtima kugunda mosalongosoka. Iyi ndiyo nthawi yabwino yoonana ndi dokotala, pakuti opaleshoni yokonzekera, wodwala akadali ndi mphamvu, imayenda bwino kuposa ya mwadzidzidzi.

Koma pali tsiku limene mtima umalephera kupopa magazi okwanira kusunga moyo wa ziwalo. Madokotala amati wodwala walowa mu cardiogenic shock. Magazi amene anayenera kupita kutsogolo amabwerera ku mapapo, mapapo n'kudzaza madzi. Ubongo ndi impso zimasowa chakudya ndi mpweya. Mnofu wa mtima womwewo, umene nawonso umadalira magazi amene ukupopa, umafooka, n'kupopa mochepa kuposa poyamba. Zimakhala ngati bwato lobooka pakati pa nyanja: madzi akuchuluka pamene wokapa akutha mphamvu. Ngakhale m'zipatala za zipangizo zonse, anthu anayi kapena asanu mwa khumi alionse amene afika pamenepa sapulumuka.

Zimene zimagwetsa munthu m'dzenje limeneli n'zodziwika. Kachingwe kogwira vavu ya mitral kakhoza kuduka, chitseko n'kutembenuka nthawi imodzi. Tizilombo tochokera m'mano owola kapena m'zilonda tikhoza kulowa m'magazi, kukhazikika pa vavu ya zipsera n'kuiboola. Wodwala wotere amatentha thupi kwa milungu, ndipo kawirikawiri amangomwa mankhwala a malungo ogula pagolosale osachira. Kwa akuluakulu a BP, shuga kapena osuta fodya, mtsempha wodyetsa mtima ukatsekeka, kamnofu kogwira tizingwe tija kakhoza kung'ambika m'sabata yoyamba. Munthu amene anaikidwa kale vavu yachitsulo akasiya kumwa mankhwala, magazi amaundana pavavupo n'kuitseka.

Amayi oyembekezera ali pa chiopsezo chapadera. Mayi akakhala ndi pakati magazi a m'thupi mwake amawonjezeka ndi magawo 40 mpaka 50 pa 100 alionse. Magazi onsewo ayenera kudutsa pakhomo lija, ndipo ngati lathina mapapo amasefukira. Nthawi yoopsa kwambiri ndi miyezi yomaliza, pochira ndiponso masiku oyamba mwana atabadwa. Atsikana ambiri amadziwa kuti ali ndi matenda a vavu pa mimba yawo yoyamba.

Zizindikiro za ngozi imeneyi banja lililonse lizidziwe. Wodwala amapuma mwabefu ngakhale atangokhala, amakana kugona pansi, amatuluka thukuta lozizira, manja ndi mapazi zimazizira, milomo imasintha mtundu, mkodzo umachepa kapena kusiyiratu, amasokonezeka mutu, ndipo nthawi zina amatsokomola thovu lofiirira. Mukaona zimenezi musadikire kuti kuche. Mukhazikeni tsonga, musamugoneke chagada ngakhale m'galimoto. Musamukakamize madzi kapena phala. Tengani buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene amamwa. Dua ichitike muli panjira. Mukafika nenani msanga kuti wodwalayu anauzidwapo za vuto la mtima, chifukwa madzi ambiri a m'dilipi, amene amapulumutsa wodwala kolera, akhoza kumiza mapapo a munthu wa vavu yowonongeka.

Zimene madokotala amachita

Kuchipatala wodwala amapatsidwa mpweya wa okosijeni, mankhwala ochotsa madzi m'mapapo monga furosemide, ndiponso ena olimbikitsa mtima kupopa. Amamuunika ndi makina a echo, ofanana ndi amene amaunikira amayi apakati, kuti aone vavu imene yalephera. Odwala ambiri amapezako bwino ndi chithandizo chimenechi, koma tidziwe kuti mankhwala amangopatsa mpata. Chitseko chothyoka chimafuna mmisiri.

Pa opaleshoni ya vavu, dokotala amatsegula chifuwa podula fupa la pakati, n'kulumikiza wodwala ku makina amene amagwira ntchito ya mtima ndi mapapo. Mtima umaimitsidwa ndi mankhwala kwa ola limodzi kapena awiri, vavu n'kukonzedwa kapena kusinthidwa, kenako magazi amabwezeredwa ndipo mtima umayambanso kugunda. Ena amafunsa ngati munthu amakhala atafa pa nthawi imeneyo. Ayi. Magazi amakhala akuzungulirabe ndi kufika ku ubongo kudzera m'makinawo. Moyo amapereka ndi kuchotsa ndi Allah yekha; dokotala amangogwiritsa ntchito njira zimene Iye anaika m'chilengedwe.

Makina amenewa anagwira ntchito bwino koyamba pa munthu m'chaka cha 1953 ku Philadelphia, m'manja mwa dokotala John Gibbon. M'chaka cha 1960 ku Portland, dokotala Albert Starr anakwanitsa kusintha vavu ya mitral ndi yopanga, imene anaikonza pamodzi ndi Lowell Edwards, injiniya wa mapampu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 Alain Carpentier wa ku Paris anapeza njira yokonzera mavavu a nkhumba ndi mankhwala kuti thupi la munthu lisawakane. Palinso njira ina yosafuna kung'amba chifuwa, imene dokotala wa ku Japan, Kanji Inoue, anaiyambitsa m'zaka za m'ma 1980: kapaipi kokhala ndi baluni kamalowetsedwa mumtsempha wa m'ntchafu mpaka kumtima, baluni n'kufufumitsidwa kuti ikulitse vavu yothina. Njira imeneyi imathandiza odwala ena okha, kuphatikizapo amayi oyembekezera, malinga ndi mmene vavu yawo ilili.

Ngati vavu ingathe kusokedwa ndi kukonzedwa, madokotala amakonda kuisunga. Vuto n'lakuti zipsera za rheumatic fever nthawi zambiri zimakhala zitaumitsa tizitseko ndi tizingwe tonse, kotero kuti kusintha kumakhala kosapeweka. Kwa zaka zambiri odwala athu ofuna opaleshoni yotere akhala akutumizidwa kunja, makamaka ku India, kudzera m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central ndi Zomba Central. Mndandanda wa odikira ndi wautali, ndipo wodzilipirira yekha amafunika mamiliyoni ambiri a kwacha. Munthu amene wafika kale mu shock sangadikire pasipoti ndi ndege. N'chifukwa chake dzina la wodwala liyenera kulowa m'mabuku a madokotala a mtima pamene akadayenda yekha.

Vavu yachitsulo, vavu yanyama ndi funso la nkhumba

Mavavu osinthira alipo a mitundu iwiri. Amene anthu amawatcha achitsulo amapangidwa ndi kaboni wolimba kwambiri pamodzi ndi chitsulo, ndipo akhoza kukhala moyo wonse wa munthu. M'chipinda chachete amamveka akulira ngati wotchi. Koma walira mvula walira matope: magazi amakonda kuundana pa vavu yotere, choncho mwini wake ayenera kumwa mankhwala a warfarin tsiku lililonse mpaka imfa. Mtundu wachiwiri ndi wa mavavu anyama, opangidwa kuchokera ku vavu ya nkhumba kapena ku nembanemba yokuta mtima wa ng'ombe. Amenewa kawirikawiri safuna warfarin wa moyo wonse, koma amatha pakapita zaka 10 mpaka 15, ndipo mwa achinyamata amatha msanga kuposa pamenepo, zimene zimafuna opaleshoni ina.

Apa m'pamene mabanja athu amaima. Kodi Msilamu angalole kanthu ka nkhumba kulowa mumtima mwake? Funsoli n'la munthu woopa Allah ndipo liyenera kuyankhidwa mwaulemu. Ndime 173 ya Surah Al-Baqarah, imene ikuletsa nyama ya nkhumba, ndi yomweyonso imene ikuchotsa tchimo pa munthu amene wakakamizika, osati mofuna kapena mopyola malire. Kuchokera pa ndime zoterezi ma ulama anakhazikitsa lamulo la dharura, loti pamene moyo uli pangozi ndipo palibe njira ina yoyenera, choletsedwa chimaloledwa pa mlingo wa vutolo.

Nkhaniyi si yachilendo m'mabuku athu. Imam al-Nawawi, mmodzi mwa akuluakulu a madhhab a Shafi'i amene anamwalira m'chaka cha 1277, anakamba m'buku lake la Minhaj al-Talibin za munthu wothyoka fupa amene walumikizidwa ndi fupa la najisi chifukwa loyera silinapezeke. Chigamulo chake n'chakuti munthuyo ali ndi chifukwa chomveka, choncho swala yake ndi yolandirika. M'nthawi yathu ino, bungwe la ma ulama a fiqh la Muslim World League, pa msonkhano wake wa ku Makkah m'chaka cha 1985, linaloleza kuika mwa munthu chiwalo chochokera ku nyama yodyedwa yozingidwa mwalamulo, ndiponso chochokera ku nyama ina iliyonse pakakhala dharura.

Tanthauzo lake kwa banja ndi ili. Funsani dokotala mosabisa kuti vavu imene akufuna kuika ndi yamtundu wanji, ndipo ngati yachitsulo kapena ya ng'ombe ingamuyenere wodwala mofanana, sankhani imeneyo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma dokotala wodalirika akanena kuti yoyenera kapena yopezeka ndi ya nkhumba yokha, ilandireni ndi mtima wodekha. Wodwalayo udhu wake, swala yake ndi Hajj yake zili bwino, ndipo tsiku lake likadzafika adzasambitsidwa ndi kuikidwa m'manda ndi vavu yakeyo, popanda kung'ambidwa. Tidziwenso kuti mankhwala a heparin, amene amaletsa magazi kuundana m'makina a opaleshoni, nthawi zambiri amapangidwa kuchokera m'matumbo a nkhumba. Ngakhale wosankha vavu yachitsulo amadutsa pa khomo lomwelo la dharura, ndipo palibe tchimo pa iye.

Lamulo lomweli likukhudza kulandira magazi, ndiponso mayi kuonedwa ndi dokotala wamwamuna pamene wamkazi palibe. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) analamula anthu ake kufunafuna mankhwala, ndipo ma ulama amaika kuteteza moyo pakati pa zolinga zisanu zikuluzikulu za Shariya. Kutsamira kwa Allah kumayendera limodzi ndi kukwera ambulansi.

Moyo pambuyo pa opaleshoni

Fupa la pachifuwa limatenga milungu 6 mpaka 12 kuti ligwirane. Pa nthawi imeneyi wodwala asanyamule katundu wolemera, asapalase bwato kapena kukoka khoka. Aswali atakhala pansi kapena pampando ngati kuwerama kukumupweteka, ndipo achite tayammum ngati madzi angawononge bala.

Womwa warfarin ayenera kuyezetsa magazi pafupipafupi, kuyeza kumene amakutcha INR. Mankhwalawa akachepa mphamvu vavu imatsekeka kapena munthu amachita sitiroko. Akachuluka mphamvu munthu amataya magazi m'mphuno, m'nkhama kapena mkati mwa thupi. Ndiwo zamasamba monga bonongwe, mpiru ndi nkhwani zimachepetsa mphamvu ya warfarin. Asazisiye, koma azidya mlingo wofanana masiku onse. Asamwe mankhwala ogula pagolosale kapena azitsamba popanda kufunsa kuchipatala, ndipo asatemedwe mphini. Mnyamata wa vuto la vavu, makamaka womwa warfarin, mdulidwe wake wa jando uchitikire kuchipatala madokotala akudziwa. Mano asamalidwe, mswaki umene ndi Sunnah umatetezanso vavu ku tizilombo ta m'kamwa, ndipo wochotsa dzino auzidwe za matendawa asanayambe.

Za Ramadhan, ndime 184 ndi 185 za Surah Al-Baqarah zikupereka chilolezo kwa wodwala kuti amasule n'kudzabweza masiku ena, ndipo amene matenda ake ndi osachira amapereka fidya. Wodwala amene akutupa, kubanika kapena amene wangochitidwa opaleshoni asasale. Amene ali bwino akambirane ndi dokotala mwezi usanaoneke. Warfarin amamwedwa kamodzi patsiku ndipo akhoza kuikidwa nthawi ya futari, koma kusintha kwa kadyedwe kumasinthanso INR, choncho ayezetse mkati mwa mweziwo. International Islamic Fiqh Academy, pa msonkhano wake wa ku Jeddah m'chaka cha 1997, inagamula kuti jakisoni wa mankhwala amene si chakudya samasula funga. Motero Ramadhan isakhale chifukwa chodumphira jakisoni wa penisilini. Komabe madokotala amalangiza kuti wodwala asabayidwe ali ndi njala kapena ludzu poopa kukomoka, ndipo kwa amene mavavu awo awonongeka kwambiri nthawi zina amasankha mapiritsi. Anamwino akanena kuti mwana adye kaye, adye, tsikulo adzabweza.

Mtsikana wa matenda a vavu ali ndi ufulu wokwatiwa, koma mwamuna ndi akwawo auzidwe zoona nikah isanachitike. Warfarin akhoza kuvulaza mwana m'mimba, makamaka pakati pa sabata 6 ndi 12, pomwe kumusiya mwachisawawa kukhoza kupha mayi. N'chifukwa chake atsikana ena amalangizidwa vavu yanyama, ndipo mimba iliyonse iyenera kukonzekeredwa ndi dokotala isanatengedwe. Bungwe la fiqh lomweli, pa msonkhano wa ku Kuwait m'chaka cha 1988, linaloleza kulera kwa kanthawi pa chifukwa chovomerezeka, mwamuna ndi mkazi atagwirizana. Apongozi amene akuumiriza mwana pamene dokotala wati dikirani adziwe kuti akuika moyo wa mkazi wa mwana wawo pachiswe.

Udindo wa mbumba ndi mzikiti

M'mabanja mwathu nkhani yaikulu siigamulidwa popanda amalume, mwini mbumba, ndipo amuna ambiri a kwathu ali ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town kukasaka ndalama. Mwambo wofunsana ndi wabwino, koma mtima wolephera sudikira kuti munthu akwere basi kuchokera ku Joni. Banja limene lili ndi wodwala mtima likhale pansi lero: ndani adzasaina pepala la opaleshoni, galimoto idzachokera kwa yani usiku, buku la kuchipatala limakhala pati, ndipo funso la vavu yanyama lafunsidwa kale kwa shehe kapena ayi. Wodwala wamkulu wa nzeru zake, mwamuna kapena mkazi, ndiye mwini mawu omaliza pa thupi lake.

Mutu umodzi susenza denga. Osauka ndi angongole ali m'gulu la anthu asanu ndi atatu oyenera Zakaat amene atchulidwa mu ndime 60 ya Surah At-Tawbah, ndipo banja limene lagulitsa maukonde ake kuti lipeze thiransipoti ya ku Blantyre lili m'gulu limenelo. Makomiti a mizikiti angathe kusunga kathumba kothandiza ana amene amayenda mwezi uliwonse kukabayitsa ku Mangochi, Monkey Bay, Liwonde, Salima kapena Nkhotakota, pakuti ambiri amasiya jakisoni chifukwa chosowa ndalama ya kabaza. Achinyamata athu azituluka mwaunyinji pamene a Malawi Blood Transfusion Service abwera kudzatolera magazi. Imeneyo ndi sadaka imene wolandira sadzadziwa mwini wake.

Ntchito yopepuka kuposa zonse ili m'manja mwa amayi ndi aphunzitsi a madrasa. Mwana akalephera kuwerenga mokweza chifukwa pakhosi pakumuwawa, thupi lili lotentha, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mapiritsi akapatsidwa amalize masiku onse 10 ngakhale atapeza bwino pa tsiku lachitatu. Mwana wodandaula mawondo ndi akakolo atadwala pakhosi, mayi woyembekezera amene sakutha kugona chagada, mnyamata amene wayamba kutsalira anzake pokoka khoka, onsewa apemphedwe kuti dokotala amvetsere mtima wawo.

Tikupempha Allah, Mwini kuchiritsa, kuti achize odwala athu, adalitse manja a madokotala ndi anamwino, ndipo awachitire chifundo amene anatsogola. Ameen.